Kamvuluvulu wa m'Chitsulo: Mbiri ya Maginito Oyendetsedwa ndi Magetsi

 Lero tikukambirani mbiri ya kanthu kakang'ono kosaoneka ndi maso, kamene nkhani yake yatenga zaka zoposa 60. Akatswiri a sayansi amakatcha skyrmion, koma ife m'nkhani ino tizikatcha kamvuluvulu wa maginito, ndipo chifukwa chake muchimva posachedwa. Mbiri imeneyi ikuyankha funso limene limakhudza aliyense wokonda wailesi: kodi mau a munthu, amene amatha ndi mpweya, angasungidwe bwanji kuti zidzukulu zidzawamve?

Tiyambire pa chinthu chimene ambiri a inu munachigwirapo m'manja. Pamene nyumba youlutsa mau ya Malawi Broadcasting Corporation inayamba ntchito m'chaka cha 1964, mau a aulutsi ndi nyimbo za m'midzi zinkasungidwa pa matepi. Izi zisanachitike, m'zaka za m'ma 1950, Hugh Tracey anayendayenda m'dziko la Nyasaland ndi makina ojambulira mau, ndipo nyimbo zimene anajambula zikusungidwabe ku South Africa, mumzinda wa Makhanda umene kale unkatchedwa Grahamstown. Pambuyo pake kunabwera makaseti, amene kampani ya Philips inawatulutsa koyamba mu 1963, ndipo m'kupita kwa zaka anadzaza m'masitolo ndi m'nyumba za mbali zonse ziŵiri za malire athu. Tepi ndi kalamba ka pulasitiki kopakidwa fumbi lachitsulo looneka ngati dzimbiri. Kachidutswa kalikonse ka fumbilo n'kamaginito, ndipo mau amalembedwa potembenuza timaginito timeneti, tina kuloza uku, tina kuloza uko.

Nzeru imeneyi inayambira patali. M'chaka cha 1820, mumzinda wa Copenhagen ku Denmark, mphunzitsi wina dzina lake Hans Christian Oersted anaona kuti magetsi akamayenda mu waya, singano ya kampasi imene ili pafupi imatembenuka. Apa m'pamene anthu anadziŵira kuti magetsi ndi maginito ndi pachibale. Mu 1898 munthu winanso wa ku Denmark, Valdemar Poulsen, anagwiritsa ntchito ubale umenewu najambula mau pa waya wachitsulo. Mu 1928 Fritz Pfleumer wa ku Germany anapaka fumbi lachitsulo pa kalamba ka pepala, ndipo mu 1935 kampani ya AEG inaonetsa ku Berlin makina oyamba a tepi. Makompyuta nawonso anatsata njira yomweyo. Mu 1956 kampani ya IBM ku America inapanga nkhokwe ya kompyuta yokhala ndi mbale 50 zopakidwa maginito, zozungulira ngati mbale za galamafoni. Makinawo ankalemera pafupifupi tani imodzi, koma zimene ankasunga zinali zilembo 5 miliyoni zokha, zosakwana ngakhale nyimbo ziŵiri za m'lamya za m'manja za masiku ano.

Makina onseŵa, kuyambira waya wa Poulsen mpaka mbale za IBM, anali ndi chilema chimodzi. Zolembedwazo zimakhala malo amodzi pa tepi kapena pa mbale, choncho kuti ziŵerengedwe, tepi yonse kapena mbale yonse iyenera kuyendetsedwa kudutsa pa kachipangizo koŵerenga. Tepi ya kaseti imayenda masentimita 4.76 pa sekondi iliyonse, ndipo imafuna kainjini ndi malamba. Amene munakhalapo ndi wailesi ya kaseti mukukumbukira m'mene mabatire ankathera msanga poimba kaseti kusiyana ndi pomvera nkhani, ndiponso m'mene tepi inkakodwera m'makina mpaka kuikulunga ndi bolopeni. Chilichonse choyenda chimatha, ndipo chimadya mphamvu. N'chifukwa chake akatswiri anayamba kudzifunsa kuti: kodi sikungatheke kuti tepi ikhale chete, koma zolembedwazo n'zimene ziziyenda m'kati mwake?

Kuti timvetse yankho lake, tiyenera kuloŵa m'kati mwa chitsulo. Chitsulo, monga zinthu zonse, chinapangidwa ndi tinthu tating'onoting'ono totchedwa maatomu. M'chitsulo ndi m'miyala ina ya mtundu wake monga cobalt, atomu iliyonse ili ngati kamuvi koloza mbali imodzi. Timivi timeneti timakonda kuloza kumene anzake oyandikana nawo akuloza, ndipo tonse tikagwirizana, chitsulocho chimasanduka maginito okoka misomali. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri anaphunzira kuyala zitsulo mopyapyala kwambiri, maatomu oŵerengeka okha kuchindikala kwake, mtundu wina pamwamba pa unzake. Mu 1988 Albert Fert wa ku France ndi Peter Grünberg wa ku Germany, aliyense payekha, anapeza kuti magetsi amadutsa mosavuta kapena movutikira m'zitsulo zoyalidwa chotere malinga ndi kumene timivi tikuloza. Zimenezi zinathandiza kuti nkhokwe za makompyuta zichepe thupi koma zichuluke zosunga, ndipo aŵiriŵa analandira mphotho ya Nobel mu 2007. Dzina la Fert mulisunge, pakuti tikumananso naye.

Tsopano tibwerere m'mbuyo pang'ono, kufika m'chaka cha 1961, chaka chimene anthu a ku Nyasaland anaponya voti pa chisankho chachikulu choyamba, pamene boma la Mchinji linkatchedwabe Fort Manning. M'chaka chimenecho ndi chotsatira chake, katswiri wa masamu wa ku England, Tony Skyrme, amene anabadwa mu 1922, anasindikiza maganizo ake ali pa ntchito ku Harwell. Iyeyu sankaganiza za matepi kapena makompyuta. Ankafuna kudziŵa chifukwa chake tinthu ta m'kati mwenimweni mwa atomu sitiphwasuka. Yankho lake linali lakuti mwina tinthuto tili ngati mfundo. Mukamanga mfundo pa chingwe, mukhoza kuisendeza kupita kuno kapena uko, mukhoza kuikoka kapena kuifinya, koma siichoka pokhapokha mutaifikitsa kumapeto kwa chingwecho kapena mutachidula. Anzake ambiri sanalabadire maganizoŵa kwa zaka pafupifupi 20. Skyrme anakaphunzitsa masamu kwa kanthaŵi ku Khartoum m'dziko la Sudan, kenaka anakhazikika ku Birmingham, ndipo anamwalira mu 1987 asanamve kuti mfundo zakezo zidzapezeka m'chitsulo.

Kodi mfundo ya m'chitsulo imaoneka bwanji? Ganizirani bwalo lodzaza ndi timivi, tonse toloza kumwamba. Pakati pa bwalolo pali kamuvi kamodzi koloza pansi. Timivi tozungulira kameneka tikutembenuka pang'onopang'ono, kena kupendekeka pang'ono, kotsatira kupendekeka koposa, mpaka kufika pa timene taima chilili. Mukachiyang'ana kuchokera pamwamba, chithunzicho chikufanana ndi kamvuluvulu wa m'mwezi wa Okutobala, amene amazunguza fumbi ndi mapesi pamalo amodzi pamene mpweya wa ponseponse uli bata. Kupotoka kotere sikuchitika m'chitsulo chilichonse. Igor Dzyaloshinskii wa ku Moscow mu 1958, ndi Toru Moriya wa ku Japan mu 1960, anafotokoza kuti m'zinthu zina muli mphamvu yokakamiza kamuvi kalikonse kupatuka pang'ono pa kumene mnzake akuloza, ndiponso kupatukira mbali imodzi yokha nthaŵi zonse. Mu 1989 Alexei Bogdanov ndi Dmitri Yablonskii, ali ku Donetsk m'dziko la Ukraine, anaŵerengera ndi masamu kuti m'zinthu zoterozo akamvuluvulu a maginito ayenera kupezeka.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Panapita zaka zina 20 munthu asanawaone. Mu 2009 gulu la akatswiri a ku Munich ku Germany, mwa iwo Sebastian Mühlbauer ndi Christian Pfleiderer, linawapeza m'mwala wopangidwa posakaniza manganese ndi silicon. Anali atandandalika mwadongosolo ngati zisa za njuchi, ndipo anali ochepa kotero kuti zikwi zingapo zikanakwana pa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Koma ankaoneka pokhapokha mwalawo utaziziritsidwa kufika pa madigiri pafupifupi 244 kunsi kwa pamene madzi amaundana. Chaka chotsatira, mu 2010, Xiuzhen Yu ndi Yoshinori Tokura pamodzi ndi anzawo ku Japan anawajambula zithunzi ndi makina amphamvu okulitsira zinthu, ndipo zokayika zonse zinatha.

Tafika tsopano pa thima la nkhani yathu, ndilo kayendedwe ka kamvuluvulu ameneyu. Poyamba timvetse kuti maatomu a chitsulo sasuntha. Inu alimi a ku Mchinji mumaona mphepo ikamadutsa m'munda wa chimanga mu Febuluwale: funde limayenda kuchokera kumalire a munda mpaka kutsidya, koma phesi lililonse lili pa phando pake, langoŵerama n'kuŵeramuka. Kamvuluvulu wa maginito amayenda chimodzimodzi. Timivi ta kutsogolo kwake timatembenuka kuloŵa m'gulu, ta kumbuyo timabwerera m'malo mwake, ndipo chithunzi chonse chimasendera.

Nanga chimatembenuza timiviti n'chiyani? Magetsi ndi mtsinje wa tinthu totchedwa maelekitironi, ndipo elekitironi iliyonse ili ndi kamuvi kakekake. Ikamadutsa m'kati mwa kamvuluvulu, kamuvi kake kamakakamizidwa kutembenuka kutsata timivi ta maatomu. Koma wokankha mnzake naye amakankhidwa: pamene maatomu akupotoza elekitironi, elekitironi nayonso ikupotoza maatomu. Elekitironi imodzi ilibe mphamvu, koma zikakhala miyandamiyanda, zonse zoloŵera kumodzi, kamvuluvulu amayamba ulendo. Amene anafotokoza bwino za kukankhana kumeneku ndi Luc Berger ndi John Slonczewski ku America mu 1996.

Chimene chinadabwitsa dziko chinachitika mu 2010 ku Munich komwe kuja. Kale akatswiri ankayesa kukankha malire a pakati pa zigawo za maginito, pamene timivi toloza kumwamba timakumana ndi toloza pansi, koma malire otere amakodwa pa chilema chilichonse cha m'chitsulo monga khasu likodwa pa chitsa, ndipo amafuna magetsi ochuluka mpaka chitsulo kutentha. Akamvuluvulu anayamba kusuntha ndi magetsi ochepa kuŵirikiza ka 100,000, pafupifupi ampere imodzi pa waya wa milimita imodzi m'mbali zonse, amene ndi ochepa kuposa amene mawaya a m'nyumba amanyamula pophika. Chifukwa chimodzi n'chakuti kamvuluvulu akakumana ndi chilema amatha kupindika thupi n'kuchilambalala. Tinene poyera kuti ndi magetsi ochepa chotere amangokwawa. Kuti athamange, pamafunika ochuluka ndithu. Komabe khomo linali litatseguka.

Ntchito ya zonsezi tiyifanizire ndi njanji. Njanji yochokera ku Lilongwe inafika ku Mchinji mu 1980, ndipo inalumikizidwa mpaka ku Chipata mu 2010. Tiyerekeze kuti pachipata cha malire paima mlembi woŵerenga mabogi. Njira ya tepi ili ngati kumatira mabogi pa njanji, kenaka n'kumakoka njanji yonse kuti idutse pamaso pa mlembiyo. Njira yanzeru ndi yoti njanji ikhale chete, mabogi okha aziyenda. Maganizo ameneŵa anawalongosola mu 2008 Stuart Parkin, amene panthaŵiyo ankagwira ntchito ku IBM ku California, pogwiritsa ntchito malire a zigawo aja. Mu 2013 Albert Fert uja, ndi anzake Vincent Cros ndi João Sampaio, ananena kuti mabogi abwino koposa akhoza kukhala akamvuluvulu. Makompyuta amalemba chilichonse, kaya nyimbo kaya chithunzi, ndi manambala aŵiri okha, 1 ndi 0. Choncho pamene pali kamvuluvulu pangaimire 1, pamene palibe pangaimire 0, ndipo magetsi angayendetse mzere wonsewo pa kanjanji kachitsulo kudutsa pa kachipangizo koŵerenga, popanda kainjini kapena lamba.

Vuto loyamba linali kuzizira kuja, pakuti palibe amene angayende ndi lamya yofuna madigiri 244 kunsi kwa ziro. Apa m'pamene zitsulo zopyapyala zinathandiza. Akatswiri anapeza kuti akayala cobalt pamwamba pa chitsulo cholemera monga platinum, pamalire pamene ziŵirizi zakhudzana pamabadwa mphamvu yopotoza ija ya Dzyaloshinskii ndi Moriya, ndipo siitha ngakhale kutenthe. Chinanso, magetsi akamayenda mu platinum, maelekitironi amasankhidwa malinga ndi timivi tawo: a mtundu umodzi amakwera kumka ku cobalt, enawo amatsikira pansi. Okwera aja ndiwo amakankha kamvuluvulu, ndipo amatero mwamphamvu kuposa njira yoyamba ija. Mu 2015, ku Argonne pafupi ndi Chicago, Wanjun Jiang ndi anzake anapanga akamvuluvulu m'chipinda chosaziziritsidwa, pokankhira zigawo za maginito pa kampata kopapatiza, monga mwana amapangira thovu la sopo ndi kabango. Mu 2016 Seonghoon Woo ndi Geoffrey Beach a ku Massachusetts Institute of Technology anawathamangitsa pa liŵiro loposa mamita 100 pa sekondi, kapena kuti makilomita 360 pa ola.

Vuto lachiŵiri linali la khalidwe. Kamvuluvulu wa maginito sayenda molunjika kumene magetsi akumukankhira, koma amapatukira kumbali. Okonda mpira mumadziŵa kuti woseŵera akamenya mpira chapambali kuti uzizungulira, mpirawo umakhota m'malere n'kumulambalala goloboyi. Heinrich Magnus anafotokoza zimenezi ku Berlin mu 1852: chinthu chozungulira chikakankhidwa kutsogolo, chimakhotera kumbali. Kupotoka kwa timivi kumachititsa zofanana ndi zomwezo. Magulu aŵiri, la ku Argonne lija ndi lina la ku Mainz ku Germany, anasindikiza mu 2017 miyeso yoonetsa kupatukaku, ndipo a ku Mainz anapeza kuti kukhoza kupitirira madigiri 30. Kupatuka kumeneku kumatchulidwa ndi dzina la Edwin Hall, amene mu 1879 anaona magetsi akupatutsidwa ndi maginito mwa njira yofananayo.

Kuopsa kwake n'kotani? Kumbukirani mfundo ya pa chingwe: imalimba paliponse, koma ikafika kumapeto imamasuka. Kanjanji kachitsulo n'kopapatiza. M'mphepete mwake mumakankha kamvuluvulu kuti abwerere pakati, koma liŵiro likakula, kupatuka kumaposa kukankhako, ndipo kamvuluvulu amagunda m'mphepete n'kuzimirira. Nambala imodzi ikatayika chotero, zolembedwa zaonongeka. Nkhokwe yodontha siyenera kutchedwa nkhokwe.

Mankhwala ake amadziŵika kwa aliyense amene anayendetsapo ngolo. Ng'ombe yokonda kukokera kumanzere mukaimanga pa goli limodzi ndi inzake yokokera kumanja, ngolo imayenda pakati pa mseu. Akatswiri anayala zitsulo ziŵiri za maginito, n'kuika pakati pake kachitsulo kopyapyala kotchedwa ruthenium, kamene kamachititsa kuti timivi ta pamwamba tiziloza mosemphana ndi ta pansi. Motero kamvuluvulu aliyense amakhala ndi mnzake pansi pake, womangidwa naye pamodzi. Wina akafuna kupatukira uku, mnzake amafuna kupatukira uko, ndipo aŵiriwo amayenda molunjika. Mu 2024 gulu la Olivier Boulle ku Grenoble m'dziko la France linalengeza kuti mwa njira imeneyi lafikitsa akamvuluvulu pa liŵiro la mamita 900 pa sekondi. Galimoto yothamanga chotero ikanachoka ku Lilongwe n'kufika pa boma la Mchinji m'mphindi ziŵiri zokha, ngakhale kuti ulendo weniweni wa kamvuluvulu ndi waufupi kuposa kunenepa kwa tsitsi.

Omvera athu, musapite ku sitolo kukafunsa lamya ya akamvuluvulu. Ntchitoyi idakali m'nyumba zofufuzira. Akatswiri akulimbanabe ndi m'mene angapangire kamvuluvulu mmodzi pamalo ofunika ndi pa nthaŵi yake, m'mene angamuŵerengere mosalakwitsa pamene ali wamng'ono chotere, ndi m'mene angasungire mipata ya pakati pa wina ndi mnzake kuti mzere usasokonekere. Koma chimene akufunacho n'chachikulu kwa dziko longa lathu: nkhokwe yosaiŵala magetsi akazima, yopanda ziwalo zoyenda, yodya mphamvu pang'ono. Tikudziŵa mtengo wa magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthaŵi yoposa chaka. Mabanja ambiri a m'midzi amatchaja lamya ndi kambale kamodzi ka dzuŵa. Kwa iwo, chipangizo chosamwa batire ndi chuma.

Palinso za matepi aja. Tepi imakalamba: imauma, imamatirira, imachita nkhungu, ndipo makina oiimbira akusoŵa. Nyimbo za ingoma, za chimtali ndi za gule wamkulu zimene zinajambulidwa zaka 50 kapena 60 zapitazo zidzapulumuka pokhapokha zitasamutsidwira m'nkhokwe zatsopano, ndipo nkhokwe zimenezo nazonso zidzafuna zoloŵa m'malo mwake. Mbadwo uliwonse umamanga nkhokwe yake.

Mau otsiriza apite kwa inu ana a sukulu amene mukumvera pamodzi ndi makolo anu. Kuchokera pa zolemba za Skyrme mu 1961 kufika pa tsiku limene kamvuluvulu anaoneka ku Munich panapita zaka 48, ndipo mwini wake anali atagona kale. Ntchitoyi inadutsa m'manja mwa anthu a ku England, Russia, Japan, Ukraine, Germany, America ndi France, ambiri osadziŵana, aliyense kuonjezera pamene mnzake analekezera, pakuti mutu umodzi susenza denga. Zida za Skyrme zinali pepala, pensulo ndi masamu, ndipo zida zimenezo zilipo m'sukulu za ku Mchinji monga zilili ku Birmingham. Mafunso atatu amene tatchula aja sanayankhidwebe, ndipo sanalembedwe dzina la mtundu uliwonse wa anthu.